Madzi Achiwiri a Agogo Natani

Sunthirani kuno. Amene ali ndi mbale m'manja aiike kaye pansi, chifukwa nkhani yangayi ndi ya mbale, ndipo ndikafika pakati simudzafuna kuigwira.

Ine ndine Ndaziona. Kwathu ndi kumapiri a ku Ntchisi, kumene nkhungu imagona m'zigwa mpaka dzuwa litakwera. Kuseri kwa nyumba yathu kunali kanyumba kaudzu, ndipo m'menemo munkakhala a Natani. Mumvetse bwino: sanali agogo anga enieni, anali bambo wa agogo anga aakazi. Zaka zawo panalibe wozidziwa. Anali ataika m'manda mkazi wawo, ana awo asanu ndi mmodzi, ndi zidzukulu zoti zala sizikwana. Maso anali ndi ng'ala, mano analibe, ndipo mvula ikayandikira mafupa awo ankawabuulitsa mpaka nkhuku kutchera khutu. Ana a sukulu ankafuula kuti “Metusela!” nkuthawa. Iwo ankangoseka, nkumati, “Mnzangayo ndidamusiya kumbuyo.”

Amene ankawasamala anali mwana wawo wachisanu ndi chiwiri, agogo anga a Rute, amenenso anali nkhalamba yoyendera ndodo. A Rute ndi amene anandilera, ndipo chilichonse ankachinena mwa ndagi. Ngakhale kundituma mchere ankati, “Katenge mwana wa madzi amene amaopa amake.” Tsiku lomwe anamwalira anandiitana pamphasa pawo.

“Ndazi, ntchito yanga ndakusiyira. M'mawa uliwonse uziwatengera atate madzi osamba m'manja, ugwade, uwathirire. Koma akatha kudya, madzi achiwiri usawapatse. Uzingowapukuta ndi kansalu.”

“Chifukwa chiyani, agogo?”

Anamwetulira. “Ndagi.”

“Gize,” ndinayankha, ndikudikira.

Sanapitirize. Masana omwewo anatisiya. Ndinatsala ndi ndagi yopanda mutu, yopanda mchira.

Maliro atatha, ndinalawirira ndi phala ku kanyumba kaja. Pakhomo ndinapeza mbale imene ndinali ndisanaionepo, poti m'mawa kumeneko kunkapita agogo a Rute okha. Inali yachitsulo, yoyera, ya mkombero wabuluu wogumukagumuka, yovundikiridwa ndi inzake. Kwathu kulibe mbale yotero, ndipo m'mudzi monse ndimadziwa mbale za aliyense, poti pamaliro otsuka ndife. Nditaigwira ndinatsala pang'ono kuiponya. Inali yotentha, yolemera ngati yodzaza.

“Wafika, mkazanga?” anatero a Natani m'katimo. Ankanditchula choncho, monga amachitira agogo ndi zidzukulu. “Phalalo lidikire. Lowetsa kaye yapakhomoyo.”

Ndinagwada, nkuwathirira madzi. Anavundukula mbale ija. Munalibe kanthu. Munali mbee, mpaka ndinaona nkhope yanga pansi pake. Koma iwo anatema mbamu, kuiumba m'dzanja, kuiika pakamwa, ndipo ndinaona kholingo likukwera ndi kutsika. Ankadya mosathamanga, osayankhula. M'nyumbamo munadzaza fungo, koma silinali la chakudya. Linali fungo la m'mawa: udzu wonyowa, utsi wa moto woyamba, mpweya wa ng'ombe zikutuluka m'khola.

Anakombeza mbale yonse ndi chala, nkuwomba m'manja katatu. Kenaka anatambasula manja kutsogolo, zikhatho zili m'mwamba. Ine ndinakumbukira lamulo lija, ndipo ndinawapukuta ndi kansalu. Anausa moyo.

“Basi. Mawa,” anatero.

Nditafunsa amayi, sanandiyang'ane nkomwe. “Uzingolowetsa. Ine ndinabadwa ndikuiona mbale imeneyo. Usafunse zambiri.” Dzuwa likamalowa mbale ija sinkaonekanso. M'mawa inkapezeka pakhomo, yotentha.

Munthu amazolowera chilichonse. Patatha mwezi ndinkaiona ngati tambala wolira. Koma kenaka zinthu zinayamba kusintha.

Choyamba linali belu. Pamwamba pa mudzi wathu pali bwinja la tchalitchi chakale, pamene panangotsala mkuyu ndi milu ya njerwa. Akuluakulu amati kale pamkuyupo pankapachikidwa chitsulo choitanira anthu, koma chinachotsedwa amayi asanabadwe. Tsiku lina m'bandakucha, ndikutenthetsa madzi, ndinamva: ngee. Ngee. Ndinadikira kachitatu. Kunali zii. Kwathu belu amaliimba katatu, ndiye kawiriko kankandisiya m'malere, ngati munthu amene wadulidwa mawu pakamwa. M'mawa wotsatira chimodzimodzi. Agalu a m'mudzi sankauwa. Ankangokhala pansi onse, nkuyang'ana kumtunda.

Chachiwiri anali mabeseni. A Nachuma, oyandikana nafe, anadzuka beseni lawo palibe. Analipeza pakhomo pa a Natani, litakhala bwinobwino pambali pa mbale ija, mulibe ngakhale dontho.

“A Natani, mwayamba geni ya mabeseni?” anatero akuseka. “Mundiuze mtengo, ndiwombole langali!”

“Miyendo yake iti, mwanawe?” anayankha a Natani. “Ukandibwereka yako ndikaba ndi mapoto omwe.”

Tsiku lotsatira mabeseni anali atatu. Kenaka asanu, ndi jagi, ndi chikho cha kuchitsime. Anali atandandalikidwa pamzere, onse oyang'ana kumwamba, onse ouma. Kuseka kunatha. Amayi ena anayamba kugona ndi mabeseni awo kumutu, komabe m'mawa ankawapeza kwathu. Ankabwera kudzatenga osapereka moni, ena kulavula pansi. Ana a sukulu anasiya kufuula Metusela. Anayamba kuzungulira njira ina.

Chachitatu ndinakumana nacho ndekha. Linali Lachitatu, ndikuchokera ku sukulu, dzuwa litangopendeka pang'ono. Ndinadzera pabwinja paja poti ndi njira yachidule. Pansi pa mkuyu panakhala bambo wina, wovala jekete loyera lomanga mabatani mpaka pakhosi, koma wopanda nsapato. Ndinanyonyomala.

“Mwaswera bwanji, abambo?”

“Ndaswera, mwana wa Rute.”

“Ndine mdzukulu wawo. Iwo anatisiya.”

“Ehe. Nayenso wapita osamuthirira.” Anapukusa mutu. Kenaka anafunsa, ndi mawu otopa kwambiri: “Kodi Natani wakhuta?”

Si funso limene linandiopsa, koma dzinalo. Padziko lapansi panalibe munthu wotsala woti nkutchula agogo aja kuti Natani, opanda “a”, ngati akuitana kamwana kolisha mbuzi.

“Phala amamaliza lonse, abambo.”

“Sindikunena phala.” Anandionetsa zikhatho zake. Zinali matuza okhaokha, ena atsopano, ena akale, ngati za munthu wonyamula chotentha tsiku ndi tsiku. “Ukamuuze kuti Yotamu manja atopa.”

Ndinayang'ana pansi, monga mwana amachitira pamaso pa wamkulu. Ndi pamene ndinaona kuti chithunzithunzi changa chagona chakum'mawa, koma chake chagona choloza kudzuwa. Nditadzutsa maso, pamkuyu panali masamba okha. Nkhope yake musandifunse. Ndinaiona, koma nditafika kunyumba inali itandichoka m'mutu ngati loto la masana.

Sindinauze munthu. Sabata lomwelo kunali mavuto ena. Amalume anga, a Layitoni, amene ndi mwini mbumba wathu, anali ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu, dzina lake Sungeni. Anabadwa atadikira zaka khumi. Sungeni anadwala malungo. Kuchipatala anamubaya jakisoni, koma anabwerako akukanabe bere, maso ali gwa kudenga.

Lachinayi madzulo amalume anafika kwathu, osakhala pansi.

“Achemwali, ine ndatopa ndi kunamizira kusaona. Munthu wanji amaika ana ake onse m'manda, iye nkumangokhalabe? Mabeseni akuyenda okha. Mbale ikubwera yokha. Akudya chiyani m'mbale mopanda kanthu? Ndikuuzeni: akudya masiku a ana athu. Anatha a amayi, tsopano ayamba a Sungeni.”

“Achimwene, pakamwa apo! Amenewa ndi agogo athu. Anakusenzani pamapewa kupita nanu ku sukulu.”

“Ndiye andisiyire mwana wanga! Loweruka m'mawa ndibwera ndi ngolo. Akakhale ku msasa wa kudimba, kutsidya kwa mtsinje, kutali ndi ana.”

“Kudimba? Ndi kuzizira kuno? Kuli afisi kumene kuja!”

“Ngati imfa imawaopa, fisi awatani?”

Mawu anali aukali, koma amalume ankalira. Ndinaona misozi ikutsikira mu ndevu. Sanali munthu woipa. Anali munthu woti mwana wake akuzilala m'manja, ndipo ankafuna chinthu choti angachikweze pangolo nkukachitaya. Amuna a m'mudzi anali atagwirizana nawo kale. Kanyumba ka a Natani kanali pafupi, ndipo makutu awo okha ndi amene sanakalambe.

Lachisanu m'mawa ndinalowetsa mbale, ndikupewa mabeseni pakhomo. Anadya, nkukombeza, nkuwomba m'manja. Ndisanatenge kansalu ndinalimba mtima.

“Agogo, ndinakumana ndi munthu pamkuyu. Akuti ndikuuzeni kuti Yotamu manja atopa.”

Sanadzidzimuke. Anangoweramitsa mutu.

“Aphunzitsi,” anatero chapansipansi. “Pepani, aphunzitsi.”

“Ndi ndani, agogo?”

“Khala bwino, mkazanga. Ndikuuze ulaliki umene ndidaumva theka.” Anatsamira khoma. “Ndili kamnyamata, kudagwa chimfine choopsa. Tinkaika anthu atatu tsiku limodzi. Mvula idabwera, koma palibe adagwira khasu. Ankati, tilimirenji, pokolola tidzakhala tili pansi. Tsono mlaliki wathu, a Yotamu, adaimba chitsulo, natisonkhanitsa pamkuyu, chifukwa m'tchalitchi anthu ankaopa kupumirana. Adati, ‘Inu anthu, m'Malemba muli malonjezo. Wolemekeza atate wake ndi amake, masiku ake adzatalika. Wokangamira Mulungu, Mulungu adzamudyetsa masiku mpaka akhute. Mwamva? Mpaka akhute! Mulungu ndiye mwini nyumba, ife ndife alendo. M'mawa uliwonse amatipakulira tsiku limodzi, lotentha, nalivundikira, naliika pakhomo. Tsono ndikufunseni: mwana waulemu amakana chakudya cha wamkulu?’ Ife tidati, ‘Iyayi!’ ‘Alipo amauza mwini nyumba kuti ndakhuta, chotsani izi?’ Tidati, ‘Palibe!’ ‘Ndiye idyani! Dzukani, katengeni makasu!’”

Mawu a agogo anakula ponena zimenezo, mpaka ndinaiwala kuti alibe mano.

“Udali ulaliki wabwino, Ndazi. Usamve wina akuunyoza. Tsiku lomwelo anthu adapita kumunda. Chaka chimenecho mudzi uno sudafe ndi njala chifukwa cha mawu amenewo. Koma pomaliza aphunzitsi adatsokomola, nati, ‘Iyi ndi mbali yoyamba. Yachiwiri ndidzakuuzani Sabata likudzali.’ Lachinayi tidawaika m'manda.”

“Ndiye mbali yachiwiriyo?”

“Adapita nayo. Sabata lomwelo amayi anga nawonso adagona. Ine ndinkawatungira madzi, kuwatembenuza, kuwapirikitsira ntchentche. Adandigwira dzanja nati, ‘Natani, wamva aphunzitsi. Ana anga onse apita, watsala iwe. Usadzakane mbale.’ Ndidalonjeza. M'mawa mwake ndidaipeza pakhomo.”

Panja nkhuku zinkapalasa. Ndinafunsa funso la munthu uja, poti linali litandikhala pakhosi masiku awiri.

“Agogo, mwakhuta?”

M'maso mwa ng'ala muja munatuluka madzi.

“Mawu amenewo sangatuluke pakamwa panga. Ndidalonjeza mayi wanga. Ndikawanena, ndanyoza amayi, ndanyoza mwini nyumba.” Anayesa kuseka. “Koma Lidiya wanga wandidikira zaka makumi anayi. Ndikachedwanso ndikapeza atamukwatira ena. Adali wokongola kuposa iwe, usakwiye.”

Atatero anatambasula manja, zikhatho m'mwamba, monga mwa masiku onse.

Ndinagwira kansalu kaja. Ndinayang'ana manjawo. Ndinayang'ana pakhomo, pamene mabeseni ouma anali ndandanda. Ndipo ndagi ya agogo a Rute inanditsegukira yokha, ngati khoko la nyemba padzuwa.

Inu nonse mukudziwa. Mlendo waulemu sanena kuti ndakhuta. Sapemphanso madzi. Amangotambasula manja. Ndi mwana wa pakhomo amene amaona, nkubwera ndi madzi achiwiri. Mlendo akasamba, mwini nyumba amadziwa yekha kuti kwatha, amachotsa mbale, ndipo palibe wanyozedwa. A Natani anakhala akutambasula manja zaka zonsezi. Anali asanakanepo mbale. Ankangodikira madzi. Ndipo ife, ana a pakhomo, tinkawapukuta ndi nsanza.

Ndikuuzeni zoona: tsiku limenelonso ndinawapukuta. Nditatha ndinathawira panja.

Amayi ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde.

“Amayi, mumadziwa za madzi achiwiri?”

Zala zawo zinaima. “Wakuuza ndani?”

“Palibe. Mumadziwa?”

“Agogo a Lidiya ndiwo anayamba. A Natani atadwala kwambiri, iwo anazindikira tanthauzo la manjawo, nkubisa beseni. Anauza ana awo. Aliyense ankati, asapite m'manja mwanga, apite m'manja mwa wina. Amayi anga ankati mawa, mawa. Iwe ukuganiza nchapafupi kuthirira bambo ako madzi otsanzikana?”

“Nanga nchapafupi kuwaona mawa akukwezedwa pangolo ngati thumba la manyowa? Mudzi wonse ukuwatcha mfiti?”

Amayi anapitiriza kusenda, koma mtedza ankauponya kumakoko, makoko m'lichero.

Loweruka ndinadzuka kusanayere bwino. Pamoto ndinapeza madzi atatenthetsedwa kale, ndipo pambali pake panali jagi yagalasi, imene amayi amatulutsa kukabwera abusa okha. Iwo anali atakhala pakhonde, atafunda chitenje kumutu, akuyang'ana kwina.

Nkhungu inali yoti nkhokwe yathu sinkaoneka. Ngee. Ngee. Pakhomo pa a Natani panali mabeseni a mudzi wonse, mpaka ndinachita kulumpha. Mbale inali pakati. Tsiku limenelo inanditentha kuposa kale.

“Wafika, mkazanga? Ndamva ukuyenda ngati wasenza ziwiri.”

“Ndasenza ziwiri, agogo.”

Ndinawathirira madzi oyamba. Anavundukula, nkuyamba kudya. Kutali ndinamva mateyala a ngolo akulira, ndi mawu a amalume akukalipira ng'ombe. Agogo sanafulumire. Anatema mbamu zisanu, mwina zisanu ndi imodzi. Kenaka anachita chimene ndinali ndisanachionepo. Anakankhira mbale patsogolo pang'ono, osakombeza.

Ngolo inaima panja. Amalume anasuzumira pakhomo, chingwe chili m'manja. Kumbuyo kwawo kunali akazi awo, atafungata Sungeni mu bulangete, poti ngolo yomweyo inkayenera kupitirira nawo ku chipatala.

“Layitoni,” anatero agogo. “Lowa. Usaope, sindiluma, mano ndilibe.”

Amalume analowa, koma anaimirira.

“Sindidadye tsiku la mwana wako, ngakhale la amako. Aliyense ali ndi mbale yake. Yangayi yangochedwa kuchotsedwa. Ukanadziwa kuwawa kwake kutsala wekha pamphasa onse atadzuka, sukanandichitira nsanje. Koma sindikukwiyira. Inenso ndidafungatapo ana akuzilala.” Analoza mbale ndi chibwano. “Lero ndasiya mkute. Mkute ndi wa ana. Mupatseni.”

“Mulibe kanthu m'menemo,” anatero amalume.

Koma amake Sungeni anali atagwada kale. Mayi wa mwana wodwala safunsa mafunso. Anapisa chala m'mbale muja, nkufuula chapansipansi, “Muli kanthu! Nchofunda!” Anapaka pamilomo ya mwana. Sungeni, amene anatha masiku atatu osayamwa, ananyambita.

Pamenepo agogo anawomba m'manja katatu, nkutambasula manja.

Ndinasendeza beseni. Ndinanyamula jagi. Sindinathire msanga.

“Agogo, madzi awa. Ngati mukuwafuna. Ngati simukuwafuna, kansalu kalipo.”

Anangotembenuza zikhatho, nkuziika pamwamba pa beseni.

Ndinayamba kuthira. Nthawi yomweyo kuwala kochokera pakhomo kunachepa, ngati pamene anthu ambiri aima pakhomo nthawi imodzi. Ine ndinali nditafulatira khomo, ndipo sindinacheuke. Ndinamva nsalu zikukhwekhwereza, wina kutsokomola, wina kukhazika mwana chete, monga zimakhalira m'tchalitchi mlaliki asanayambe. Ndinamva fungo la mafuta a nsatsi, amene agogo a Rute ankadzola. Amalume anali moyang'ana pakhomo. Chimene anaona sananenepo mpaka lero. Ndinangoona chingwe chikugwa m'manja mwawo, iwo nkukhala pansi pang'onopang'ono, nkuvula chipewa.

Madzi ankagwera m'beseni, koma phokoso lake linkamveka kutali, ngati akugwera m'chitsime chakuya. Agogo anasamba chala chimodzichimodzi. Anatapa pang'ono, nkutsukuluza m'kamwa. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni pakhomo.

“Zikomo, mwini nyumba,” anatero, akuyang'ana kudenga. “Kunali kokoma. Zowawa zinalimonso, koma kunali kokoma.”

Kumbuyo kwanga, pafupi ndi khutu langa, mawu otopa aja anayankha. Koma tsopano munali kumwetulira m'katimo.

“Mbali yachiwiri ndi yomweyo, Natani. Waimaliza wekha.”

Ngee.

Belu lachitatu. Aliyense m'mudzi analimva, ngakhale a Nachuma amene amati khutu lina ndi lakufa.

“Mkazanga,” anatero agogo, “tsegula chitseko chonse. Ndi ambiri, ndipo Lidiya sakonda kupanikizana.”

Ndinadzuka maso ali pansi, nkukankha chitseko mpaka kukhoma. Mphepo yofunda inandidutsa, ngati anthu akukudutsa pa njira yopapatiza. Nditatembenuka, agogo anali atatsamira khoma, manja onyowa ali pamiyendo. Dzuwa linali litangolowa pakhomo nkuwagwira kumapazi. Mbale panalibe.

Amayi anayamba kulira pakhonde ndisanawauze.

Panja, ng'ombe za amalume zinali zitatembenuza mitu, zikutsatira ndi maso chinthu chimene chinkakwera njira ya kumkuyu. Pa udzu wa mame panali mapazi ambirimbiri, aakulu ndi aang'ono, onse opanda nsapato, onse olowera kumtunda. Obwera panalibe. Ndipo mabeseni onse aja anali odzaza madzi mpaka m'milomo, oyera, osagwedezeka. Amayi a m'mudzi atabwera kudzatenga, palibe anataya madziwo. Ndi amene tinasambitsira thupi.

Ngolo ija inapita ku chipatala ndi Sungeni. Pobwerera inanyamula matabwa a bokosi. Amalume anakhoma okha bokosilo, osalola wina kugwira hamala, ndipo kumanda anayankhula mawu atatu okha: “Anali agogo anga.” Ena onse anawakanika.

Sungeni anachira. Anamwino anati ndi jakisoni wachiwiri amene anagwira ntchito, ndipo ine sinditsutsa. Belu silinalirenso. Mabeseni amagona pamene eni ake awasiya.

Pano Sungeni ali ndi zaka zitatu, wonenepa, wamakani ngati bambo ake. Koma pali kanthu kamodzi. Akamadya sayankhula, sathamanga. Akatha amakombeza mbale ndi chala, nkuwomba m'manja katatu. Palibe anamuphunzitsa. Tsiku loyamba kumuona akutero, amake anagwetsa chipande.

Ine sindinachite mantha. Mkute unali wochepa, ndipo unaperekedwa ndi mtima wabwino. Adye masiku ake onse, achuluke, aone zidzukulu. Koma ndinamukhazika pamiyendo panga madzulo amenewo, ndipo sindinamusiye mpaka ataphunzira mawu amodzi. Anzake anayamba ndi “amama” ndi “ndipatse”. Iye ndinamuphunzitsa kuti, “Zikomo, ndakhuta.”

Ndipo akatambasula timanja take, ngakhale ndili ndi mtondo pakati, ndimasiya zonse nkuthamanga ndi madzi.